Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Pasukulu ya pulaimale imene ndinaphunzira, chimbudzi cha atsikana chinalibe chitseko. Chinaguluka kalekale ife tisanayambe n'komwe Sitandade 1, pafelemu n'kungotsala misomali iwiri yadzimbiri. Ukafuna kutaya madzi unkapita ndi mnzako, iye n'kuima pakhomo atatambasula chitenje, nkhope atalozetsa kubwalo kumene anyamata ankasewera mpira wachikulunga. Tsiku limene mnzakoyo wajomba, unkangolimba nazo mpaka belu loweruka. Ndimakumbukirabe tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, aphunzitsi akulemba masamu pabolodi, ine miyendo nditapingasa, thukuta lili kamukamu, m'mutu mulibe china koma kuwerenga mphindi. Pa zimene anaphunzitsa tsiku limenelo sindinatolepo kanthu. Kuchokera pamenepo ndinasiya kumwa madzi m'mawa, ndipo m'kalasi mwathu tinalipo ambiri ochita zomwezo.

Nkhani imene ndikufuna tikambirane ndi ya ku America, ndipo ndikudziwa kuti ambiri akangoimva amapukusa mutu n'kunena kuti azungu akhuta, asowa chokangana. Kumeneko kwa zaka zoposa 10 tsopano makolo, aphunzitsi, maloya ndi andale akhala akukokanakokana pa funso lakuti mwana wa transgender azilowa chimbudzi chiti kusukulu, nanga azisinthira kuti zovala popita kumasewera. Transgender ndi munthu amene pobadwa azamba anati "mwamuna" kapena "mkazi" poona thupi, koma iye pokula amadzidziwa mumtima, mosasinthasintha, kuti ndi winayo, ndipo moyo wake amaukhala motero: dzina, zovala, kametedwe, enanso mpaka kulandira chithandizo cha madokotala. Ine maganizo anga sindiwabisa. Mwana wotere aloledwe kulowa chimbudzi chogwirizana ndi mmene akukhalira tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi a ana enawo, amene ndi enieni ndithu, awateteze ndi chitseko chokhala ndi loko. Amene anagwirapo mkodzo m'kalasi tsiku lonse sangaione nkhaniyi ngati yoseketsa.

Mu 2014, Gavin Grimm anali ndi zaka 15 ndipo ankaphunzira pa Gloucester High School m'chigawo cha Virginia. Anabadwa ndi thupi lachikazi, koma pofika chaka chimenecho anali atauza makolo ake kuti iye ndi mnyamata, ataonana ndi adokotala, atasinthanso dzina mwalamulo. Sukulu isanatsegulidwe, iye ndi mayi ake anapita kukafotokozera akuluakulu a pasukulupo. Poyamba anagwirizana kuti azikadzithandiza kuchimbudzi cha muofesi ya namwino. Koma ofesiyo inali kutali ndi makalasi, ankachedwa m'kalasi, ndipo ulendo uliwonse wopita kumeneko unali ngati kulengeza kwa sukulu yonse kuti uyu ndi wosiyana ndi anzake. Anapempha mphunzitsi wamkulu kuti azilowa cha anyamata, ndipo analoledwa. Kwa masabata 7 analowa, kutseka chitseko cha kachipinda, kudzithandiza, kusamba m'manja, kutuluka. Sipanabuke vuto lililonse.

Phokoso linachokera kunja kwa mpanda. Akuluakulu ena a m'deralo atamva, anadandaula kubodi yoyang'anira masukulu a m'bomalo, ndipo bodiyo inaitanitsa misonkhano iwiri ya anthu onse, mu Novembala ndi mu Disembala. Taganizani, abale anga. Mwana wa zaka 15 ali chikhalire m'holo yodzaza, akuluakulu akusinthana pamaikolofoni kukambirana zimene zili m'kabudula mwake. Ena ankamutchula dala kuti mtsikana. Wina anamuyerekeza ndi munthu amene amadziyesa galu n'kumafuna kukodzera mipope ya madzi ya m'mbali mwa msewu. Gavin anaimirira n'kuyankhula yekha, kupempha kuti angomusiya akhale mwana ngati wina aliyense, azipita kuchimbudzi mwamtendere. Pa 9 Disembala 2014 bodi inavota, anthu 6 kuvomereza, mmodzi yekha kukana, kuti ana azilowa zimbudzi potengera thupi lobadwa nalo, ndipo amene ali ndi "vuto" apatsidwe malo apadera.

Kwathu timati ulemu ndi kuvala, ndipo ngakhale mwana atalakwa chotani, za maliseche ake sitikambirana pabwalo. Amene ankati akuteteza manyazi a ana ndi omwewo amene anamuvula mwana uyu ndi pakamwa, dera lonse likumvetsera. Pamenepa pokha panandikwanira kudziwa mbali imene ndiima.

Zotsatira zake n'zimene mtsikana aliyense wa kusukulu yopanda chitseko angazilote. Gavin sakanabwerera kuchimbudzi cha atsikana, kumene ngakhale kale atsikana ankadzidzimuka akamuona, pomuyesa mnyamata wosochera. Timazimbudzi tapadera timene sukulu inakonza tinali ngati chala chomuloza. Ndiye anayamba kupewa kumwa madzi ndi kugwira mkodzo, mpaka kudwala mobwerezabwereza matenda a m'njira ya mkodzo. Mnyamata wina wa transgender, Ash Whitaker wa ku Kenosha m'chigawo cha Wisconsin, anauza khoti zofananazo: ankachepetsa madzi akumwa kuti asafune chimbudzi, chonsecho anali ndi matenda amene amachititsa munthu chizungulire ndi kukomoka thupi likasowa madzi. Khoti la apilo linagamula momukomera mu 2017.

Mlandu wa Gavin unayenda ngati wa malire a munda. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU linaukokera kukhoti mu 2015, potsamira pa lamulo la 1972 lotchedwa Title IX, limene limaletsa masukulu olandira ndalama za boma kusala mwana chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi. Mu Meyi 2016 boma la Barack Obama linalembera masukulu kalata yowauza kuti lamuloli likuphimbanso ana a transgender. Khoti la Supreme linavomera kumva mlanduwo, koma mu Febuluwale 2017 boma la Donald Trump linafafaniza kalata ija, ndipo mwezi wotsatira oweruza anaubweza mlanduwo kumakhoti aang'ono osaumva. Gavin anamaliza sukulu mu Juni 2017 asanaloledwenso kuponda m'chimbudzi cha anyamata. Ngakhale chigawo cha Virginia chinali chitamupatsa setifiketi yobadwira yatsopano yolembedwa kuti ndi mwamuna, sukulu inakana kusintha mapepala ake a maphunziro. Anapambana mu 2019, anapambananso pa apilo mu Ogasiti 2020, ndipo mu Juni 2021 khoti la Supreme linakana kumva dandaulo la bodi ija. Bodiyo inalipira madola 1.3 miliyoni a maloya. Gavin mwiniwake anapatsidwa dola imodzi, yongosonyeza kuti analakwiridwa. Ndalama zimenezo zikanagula zitseko ndi maloko angati?

Tsono tiyeni tiwamve a mbali inayo, chifukwa si onse ali ngati bambo wa galu uja. Alipo mayi amene ali ndi mwana wamkazi wa zaka 13, amene wangotha msinkhu kumene, amene amachita manyazi ngakhale kusintha malaya pamaso pa mng'ono wake. Mayi ameneyu akafunsa kuti, "Nanga mwana wangayu?" akufunsa funso loyenera, ndipo kumuyankha kuti ndi watsankho n'kumulakwira. Ine ndinali mtsikana wotero. Mantha ake ali pawiri: kuti mnyamata woipa mtima adzanamizira kuti ndi mtsikana n'cholinga cholowa, ndiponso kuti mwana wake adzaonedwa kapena kuona zimene sakufuna.

Pa mantha oyambawo, anthu amakonda kutchula zimene zinachitika ku Loudoun, ku Virginia komweko. Mu Meyi 2021 mtsikana anagwiriridwa m'chimbudzi cha atsikana pa Stone Bridge High School ndi mnyamata amene tsikulo anavala siketi, ndipo nkhaniyi inagwedeza chisankho cha bwanamkubwa wa chigawocho chaka chomwecho. Mtsikanayo anapwetekedwa zenizeni, ndipo mkwiyo wa makolo ake unali wachilungamo. Koma tiione nkhaniyo ndi maso awiri. Lamulo lolola ana a transgender kusankha chimbudzi m'bomalo linakhazikitsidwa mu Ogasiti, patapita miyezi chichitikireni zoipazo, kotero si lamulo limene linamutsegulira mnyamatayo khomo. Awiriwo ankadziwana ndipo anapangana kukumana mmenemo. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anaonetsa kuti wogwira ntchito wina wa pasukulupo analowa, n'kuona mapazi a anthu awiri pansi pa chitseko chimodzi, n'kutuluka osachitapo kanthu. Kenako akuluakulu anangomusamutsira mnyamatayo kusukulu ina, kumene mu Okutobala anachitiranso nkhanza mtsikana wina, ulendo uno m'kalasi mopanda anthu. Mkulu wa masukulu a m'bomalo anachotsedwa ntchito kumapeto kwa 2022. Amene anawalakwira atsikana awiriwa ndi mnyamatayo komanso akuluakulu amene anaona n'kuyang'ana kumbali. Fisi saopa chikwangwani cha pakhomo la khola. Wogwirira ana waphwanya kale lamulo lalikulu, ndiye kalamulo ka chimbudzi kangamuletse chiyani?

Ofufuza a ku Williams Institute pa yunivesite ya UCLA anaunika malipoti a apolisi m'madera a chigawo cha Massachusetts, kuyerekeza kumene kunali malamulo olola anthu a transgender kulowa zimbudzi za pagulu ndi kumene kunalibe. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti milandu ya m'zimbudzi ndi m'zipinda zosinthira inali yosowa, ndipo sinachuluke malamulowo atabwera.

Pali funso limene olemba malamulo oletsawa salikonda: adzafufuza ndani, ndipo adzafufuza bwanji? Mlonda adzaima pakhomo ndi setifiketi yobadwira ya mwana aliyense? Zikatero chimene chimatsala ndi kuweruza ndi maso, ndipo maso amagwera mtsikana aliyense wamtali, wa mapewa aakulu, wometa mpala, wa mawu abesi. Ku Utah mu 2022, makolo a atsikana amene anagonja pampikisano anadandaula za mtsikana amene anawapambana, ndipo bungwe loyendetsa masewera a m'masukulu linafukula mapepala ake kuyambira ali kumkaka, iye ndi makolo ake osadziwa, n'kupeza kuti ndi mtsikana chibadwire. Mu Febuluwale 2024, Natalie Cline, membala wa bodi ya maphunziro m'chigawo chomwecho, anaika pa Facebook chithunzi cha mtsikana wa zaka 16 wosewera basketball, m'njira yochititsa anthu kukayikira ngati ndi mtsikanadi. Anali mtsikana wobadwa mtsikana. Anthu anamutukwana ndi kumuopseza mpaka anafunika chitetezo. Tonsefe tinaphunzirapo ndi mtsikana wina wamphamvu amene ankaposa anyamata pothamanga, amene anthu ankamunena kuti "ameneyu ndi mwamuna". Lamulo lotere limasandutsa chipongwe cha pabwalo la mpira kukhala ntchito ya boma. Lamulo lobwera m'dzina loteteza atsikana likumathera pochititsa mtsikana aliyense kuonetsa umboni wa utsikana wake.

Ndipo pali china chimene ambiri saganiza. Ukati aliyense alowe potengera thupi lobadwa nalo, ndiye kuti Gavin, amene analandira mahomoni achimuna mpaka mawu kukhala abesi ndi ndevu kumera, ukumutumiza kuchimbudzi cha atsikana. Mayi uja wa mwana wa zaka 13 akanasangalala kumuona akutuluka mmenemo?

Pa zipinda zosinthira zovala ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa apa nkhani ndi yolemera kuposa ya chimbudzi, ndipo amene amati n'chimodzimodzi sanena zoona. M'chimbudzi munthu amadzitsekera yekha. M'chipinda chosinthira ana amavula pamodzi, ena kusamba kumene. Gavin sanalimbane nazo zimenezi, maphunziro olimbitsa thupi ankachitira kunyumba. Mlandu umene unafika pamenepa ndi wa ku Palatine m'chigawo cha Illinois mu 2015, kumene mtsikana wa transgender wosewera m'timu ya atsikana ankamusinthitsira kuchipinda chakutali yekhayekha. Mapeto ake anagwirizana kuti azilowa nawo anzake, koma m'chipindamo muikidwe makatani, iye azisinthira kuseri kwa katani, ndipo mtsikana wina aliyense wofuna kubisika akhale ndi pobisala. Ku Boyertown m'chigawo cha Pennsylvania ndi ana enawo amene anasuma, kunena kuti manyazi awo akuphwanyidwa. Khoti la apilo mu 2018 silinawavomereze, ndipo china chimene linaona n'chakuti sukuluyo inali ndi timabafa ndi zimbudzi za munthu mmodzimmodzi zimene aliyense akanatha kugwiritsa ntchito.

Apa ndi pamene pagona mtima wa nkhani yonse. Kachipinda kapadera n'kabwino kakakhala ka aliyense wofuna, n'koipa kakakhala ka mwana mmodzi wokakamizidwa. Mtsikana wamanyazi akalowamo, wasankha yekha, ndipo mawa akhoza osalowamo. Gavin akalowamo, walamulidwa, ndipo sukulu yonse ikudziwa chifukwa chake. Komanso ndani ananena kuti ana a zaka 14 amakonda kuvula pagulu? Mnyamata wonenepa, mtsikana amene ali kumwezi, wa chipsera cha moto pamsana, amene thupi lachedwa kukula anzake atamusiya, onsewa akhala akuvutika chamumtima m'zipinda zimenezi kuyambira kale mawu akuti transgender asanamveke. Ngakhale ku Gloucester komweko, mkanganowu utabuka, sukulu inatseka mipata ya m'zitseko ndi kuwonjezera zotchinga pakati pa malo okodzera anyamata. Zimenezo zinali zokwanira kuyankha mayi uja. Kumuchotsa Gavin kunali kuwonjezera chilango pamwamba pa yankho.

Sindinganame kuti mphepo ikuwombera mbali yanga. Ku North Carolina, lamulo la HB2 la mu Malichi 2016, lolamula kuti m'masukulu ndi m'nyumba za boma anthu azilowa zimbudzi potengera zolembedwa pa setifiketi yawo yobadwira, linabweretsa mkwiyo waukulu, kampani ya PayPal inasiya mapulani a ntchito 400 ku Charlotte, a bungwe la basketball la NBA anasamutsa masewera awo aakulu a 2017 kupita nawo ku New Orleans, ndipo chaka chotsatira gawo la zimbudzi linachotsedwa. Koma kuchokera nthawi imeneyo zigawo zambiri zakhazikitsa malamulo ofanana nalo okhudza masukulu, popanda phokoso ngati lija. Mu Disembala 2022 khoti la apilo linagamula, oweruza 7 kutsutsana ndi 4, kuti sukulu ya ku Florida sinalakwe poletsa Drew Adams, mnyamata wa transgender, kulowa cha anyamata. Pa 20 Januwale 2025 Trump anasaina chikalata chakuti boma lake lizindikira amuna ndi akazi potengera chibadwa chokha. Ku Britain, kumene kuli abale athu ambiri ndi ana awo m'masukulu, khoti la Supreme linagamula mu Epulo 2025 kuti mawu akuti mkazi mu lamulo la Equality Act la 2010 akutanthauza wobadwa mkazi. Oweruza ndi anthu ophunzira, ndipo sindiwanyoza. Koma chigamulo chilichonse chimasiya funso lomwe lija pakhomo la kalasi: nthawi yakwana 10 koloko m'mawa, mwana wamva m'mimba, apite kuti?

Amene ali ndi ana ku South Africa asaganize kuti izi n'zakutsidya kwa nyanja kokha. Ku Limpopo, Nare Mphela, mtsikana wa transgender, anasumira akuluakulu a maphunziro chifukwa cha nkhanza zimene anakumana nazo kusukulu, kuphatikizapo kuvutitsidwa m'chimbudzi ndi ophunzira anzake ofuna "kuona chimene chilipo". Khoti loona za kusasalana ku Seshego linagamula momukomera mu 2017 n'kulamula kuti apatsidwe ma rand 60,000. Mu Januwale 2020 anapezeka ataphedwa. Nkhani yake imaonetsa amene kawirikawiri amakhala pangozi chitseko cha chimbudzi cha sukulu chikatsekeka aphunzitsi ali kutali. Ndipo ife a ku Malawi tisanamizire kudabwa, ngati kuti anthu otere sitinawaonepo. Tonse tikukumbuka chinkhoswe cha Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza ku Blantyre mu Disembala 2009, chilango cha zaka 14 mu Meyi 2010, ndi chikhululuko cha Bingu wa Mutharika pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, anabwera. Manyuzipepala ankalemba za amuna awiri, chonsecho Tiwonge Chimbalanga ankadzitchula yekha kuti ndi mkazi, ndipo omudziwa ankamuitana kuti Aunt Tiwo. Nayenso anakhalapo mwana, ndipo nayenso ankamva m'mimba.

Ambiri mwa owerenga ndinu anthu opemphera, ndipo ena mukuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, nkhani yathera pomwepo. Sindikukupemphani kusiya chikhulupiriro chanu, ndiponso sindikukupemphani kumvetsa zonse za mumtima mwa mwana ngati Gavin. Makolo ake omwe zinawatengera nthawi. Chimene ndikupempha n'chochepa. Mlendo akafika pakhomo panu n'kunena kuti, "Zikomo, kuseri n'kuti?" simumufunsa mpingo wake, mtundu wake kapena machimo ake. Mumatuma mwana kuti amulozere, n'kumuikira madzi osamba m'manja. Chichewa chathu chomwechi chili ndi chifundo chimene Chingerezi chilibe pankhaniyi: kumeneko amamenyana pa kamawu kotchulira mwamuna kapena mkazi, ife timangoti "iye", basi, ndipo m'nkhani yonseyi sindinavutike kumutchula Gavin. Sukulu ndi malo amene boma limalamula mwana kukhalapo maola ambiri patsiku. Ukamulamula kukhala, wadzilamulanso wekha kumupatsa podzithandizira popanda kumuchititsa manyazi.

M'mapepala a mlandu wa Gavin muli kanthu kamodzi kamene sikandichoka m'mutu. Masewera a mpira a sukulu yake akamachitika madzulo, timazimbudzi tapadera tija tinkakhala kutali m'nyumba zotseka, ndipo kubwalo kunali cha anyamata ndi cha atsikana basi. Mkodzo ukamugwira mpira uli mkati, ankaimbira mayi ake kuti adzamutenge masewera asanathe. Tsiku lina anapempha mnzake, ndipo mnzakeyo anasiya mpira, n'kuliza galimoto, n'kupita naye kushopu yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kuti akadzithandize kumeneko. Dzina la mnzakeyo silinatchuke. Ine ndikamawerenga pamenepo ndimaona mnzanga uja wa Sitandade 5, manja ali m'mwamba atagwira nsonga ziwiri za chitenje, akundiuza chapansipansi kuti, "Fulumira iwe, belu lilira."